Mbuzi Ziwiri ndi Galimoto: Mbiri ya Ndagi ya Monty Hall

Pa 9 Seputembala 1990, magazini ya Parade, imene inkatuluka Lamulungu lililonse pamodzi ndi nyuzipepala zambiri za m'dziko la America, idasindikiza funso lalifupi lochokera kwa wowerenga wina. Funsolo lidapita kwa Mayi Marilyn vos Savant, amene ankalemba tsamba lotchedwa Ask Marilyn loyankha mafunso a anthu. Mayiyu adali wotchuka kale chifukwa m'zaka za m'ma 1980 buku la Guinness lidamulemba kuti ndiye adaposa anthu onse pa mayeso oyesa nzeru.

Funsolo lidali ndagi, ndipo idali yotere. Munthu ali pa masewero a pa wailesi yakanema. Patsogolo pake pali zitseko zitatu zotseka. Kuseri kwa chitseko chimodzi kuli galimoto, pamene kuseri kwa ziwiri zinazo kuli mbuzi. Munthuyo asankha chitseko choyamba, koma chitsekocho sichitsekulidwa msanga. Woyendetsa masewero, amene akudziwa bwino lomwe chimene chili kuseri kwa chitseko chilichonse, atsekula chitseko chachitatu naonetsa mbuzi. Atatero afunsa munthu uja ngati akufuna kukhalabe pa chitseko chake kapena kusintha n'kutenga chachiwiri. Kodi kusinthako kuli ndi phindu?

Mayi vos Savant adayankha kuti phindu lilipo, ndipo si laling'ono. Wokhalabe pa chitseko choyamba mwayi wake wopata galimoto ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene wosintha mwayi wake ndi magawo awiri mwa atatu. Yankho limeneli lidautsa mavu pachisa. Makalata pafupifupi 10,000 adafika ku ofesi ya magaziniyo, ochuluka mwa iwo omutsutsa, ndipo pafupifupi 1,000 adalembedwa ndi anthu okhala ndi digiri ya PhD.

Ndagiyi ili ndi dzina la munthu amene sadaipeke. Monty Hall adabadwira mumzinda wa Winnipeg ku Canada m'chaka cha 1921, ndipo kuyambira 1963 ankayendetsa pologalamu ya pa wailesi yakanema ku America yotchedwa Let's Make a Deal. Anthu ankabwera ku pologalamuyo atavala zoseketsa kuti iye awaone ndi kuwasankha. Wosankhidwayo ankapatsidwa kanthu m'manja, kenaka n'kunyengereredwa kuti akasinthanitse ndi chinthu chobisika m'bokosi kapena kuseri kwa nsalu yotchinga. Ena ankachokapo ndi galimoto, ena ndi chinthu chachabe kapena chiweto. Kwa mlimi mbuzi ndi chuma, koma kwa munthu wokhala m'nyumba yosanja pakati pa mzinda, amene amayembekeza galimoto, mbuzi idali chipongwe chenicheni, ndipo anthu oonera ankafa nazo nseko.

Amene adasandutsa masewerowa kukhala funso la masamu ndi Steve Selvin, katswiri wa kawerengedwe ka zinthu pa yunivesite ya California ku Berkeley. M'chaka cha 1975 iye adalemba kalata ku magazini ya akatswiri yotchedwa The American Statistician. M'kalatamo mudalibe zitseko ngakhale mbuzi. Mudali mabokosi atatu, limodzi lokhala ndi makiyi a galimoto, awiri opanda kanthu. Selvin adaonetsa kuti wosintha bokosi amapambana kawiri pa katatu kalikonse. Anzake ena adamutsutsa, motero chaka chomwecho adalembanso kalata yachiwiri, ndipo m'kalata imeneyo ndi mmene ndagiyi idatchulidwa koyamba ndi dzina la Monty Hall. Hall mwiniwake adamulembera Selvin kumuuza kuti pa pologalamu yake yeniyeni munthu akasankha wasankha, sasinthanso bokosi. Nkhaniyo idathera pomwepo, ndipo idagona m'mashelefu a malaibulale kwa zaka 15.

Komabe mizu ya ndagiyi ndi yakale kuposa wailesi yakanema. Masamu a mwayi adayamba kukhazikika m'chaka cha 1654 pamene Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat a ku France ankalemberana makalata pa nkhani ya kagawidwe ka ndalama za juga imene yaimitsidwa isanathe. Patapita zaka zoposa 100, mu 1763, kudasindikizidwa pepala la m'busa wina wa ku England, Thomas Bayes, amene adali atamwalira mu 1761. Pepalalo lidafika kwa anthu chifukwa cha khama la mnzake, Richard Price. Funso la Bayes lidali lakuti: munthu akamva chinthu chatsopano, kodi ayenera kusintha motani muyeso wa zimene amayembekezera? Uwu ndiwo mwayi wodalira zimene zadziwika, umene pa Chingerezi umatchedwa conditional probability, ndipo ndiwo mtima wa ndagi ya zitseko zitatu.

Mu 1889 Joseph Bertrand, katswiri wina wa ku France, adalemba m'buku lake la masamu a mwayi za mabokosi atatu ofanana maonekedwe. M'bokosi loyamba muli ndalama ziwiri zagolide, m'lachiwiri muli ziwiri zasiliva, m'lachitatu muli imodzi yagolide ndi imodzi yasiliva. Munthu atola bokosi mosasankha, natulutsamo ndalama imodzi osayang'ana, ndipo ipezeka kuti ndi yagolide. Kodi mwayi wakuti yotsala m'bokosimo ndi yagolidenso ndi wotani? Pafupifupi aliyense amathamangira kunena kuti ndi theka, poti bokosi la siliva yekhayekha lachoka ndipo kwatsala mabokosi awiri. Koma choyenera kuwerengedwa si mabokosi ayi; ndi ndalama zagolide. Zilipo zitatu, ndipo iliyonse ikadatha kukhala imene yatulutsidwayo. Ziwiri mwa zitatuzo zimakhala m'bokosi la golide yekhayekha. Motero yankho ndi magawo awiri mwa atatu.

Martin Gardner, amene kwa zaka zambiri ankalemba za masewero a masamu m'magazini ya Scientific American, adabweretsa ndagi yomweyi mu 1959 ataiveka zovala zina. Akaidi atatu aweruzidwa kuti aphedwe, koma mmodzi wakhululukidwa mwa maere ndipo woyang'anira ndende yekha ndiye akumudziwa. Mkaidi woyamba apempha woyang'anirayo kuti angomutchulira mmodzi mwa anzake awiri amene aphedwe ndithu. Woyang'anira atchula wachiwiri. Mkaidi woyamba akondwa, poganiza kuti mwayi wake wakwera kufika pa theka. Chisangalalo chakecho n'chopanda pake: mwayi wake ukadali gawo limodzi mwa atatu, ndipo amene wapindula ndi mkaidi wachitatu. Ndagi imeneyi ndi ya Monty Hall ndi mapasa, kungoti mkaidi alibe ufulu wosinthana tsoka ndi mnzake.

Tsono pamene Mayi vos Savant ankayankha funso lija mu 1990, sadanene chachilendo. Chachilendo chidali ukali wa omutsutsa. Aphunzitsi a masamu a m'mayunivesite adamulembera kuti avomere kulakwa kwake poyera ndi kuleka kusocheretsa anthu. Wina adadandaula kuti umbuli wa masamu wachuluka kale m'dzikomo ndipo sikufunika kuti munthu wotchuka ndi nzeru auonjezere. Wina adati mwina amayi amaona masamu mosiyana ndi abambo. Winanso adangomuuza kuti mbuziyo ndi iyeyo. N'zovuta kukhulupirira kuti makalata ena akadalembedwa mwamwano chotere chikhala kuti woyankhayo adali mwamuna wa pa yunivesite. Selvin adatsutsidwa mu 1975, koma sadanyozedwe motere. Malinga ndi kuwerenga kwa mayiyu, makalata 92 mwa 100 alionse ochokera kwa anthu wamba adali omutsutsa, ndipo mwa ochokera ku mayunivesite, 65 mwa 100 alionse adali omutsutsanso.

Iye sadagwedezeke. Adabwerera ku nkhaniyi mu Disembala 1990 ndiponso mu Febuluwale 1991. M'yankho lake loyamba lija adali atapempha kale owerenga kuti ayerekeze zitseko miliyoni imodzi: munthu asankha chimodzi, woyendetsa masewero atsekula zonse zotsala kupatula chimodzi chokha chimene wachilumpha dala. Ndani angakakamire pa chitseko chake choyamba? Ataona kuti mawu okha sakukwanira, adapempha aphunzitsi a masamu m'sukulu za m'dziko lonselo kuti achite masewerowo ndi ana awo pogwiritsa ntchito makapu atatu apepala ndi kandalama kachitsulo, kambirimbiri, nalembe zotsatira zake. Makalasi ambiri adachitadi zimenezo. Mu Julaye 1991 iye adalengeza kuti pafupifupi onse amene adayesa ndi manja awo adapeza kuti wosintha amapambana kawiri pa katatu. Ana asukulu okhala ndi makapu adafika pa choona msanga kuposa madokotala a masamu amene adangodalira mitu yawo. Pulofesa wina amene adali m'gulu la omudzudzula adalemba kalata yachiwiri yopepesa.

Kodi cholakwa cha anthu onsewa chidali pati? Iwo ankati: zitseko zatsala ziwiri, galimoto ili kuseri kwa chimodzi, choncho mwayi ndi theka kwa theka. Maganizo amenewa amaiwala mbiri ya zitseko ziwirizo. Chimodzi chidasankhidwa ndi munthu wosadziwa kanthu. Chinacho chidasiyidwa chotseka ndi munthu wodziwa zonse. Zitseko zotere sizingafanane mwayi.

Njira yosavuta yoonera zimenezi ndi kuwerenga masewero ambiri. Masewerowo akhale 300, ndipo nthawi zonse wosewera asankhe chitseko choyamba. Popeza galimoto imaikidwa mwa maere, m'masewero 100 idzakhala kuseri kwa chitseko choyamba, mu 100 ena kuseri kwa chachiwiri, mu 100 otsalawo kuseri kwa chachitatu. Galimoto ikakhala ku chitseko choyamba, woyendetsa masewero ali ndi ufulu wotsekula chachiwiri kapena chachitatu, poti konseko kuli mbuzi. Motero chachitatu adzachitsekula ka 50 kokha. Galimoto ikakhala ku chitseko chachiwiri, manja ake amangika: sangatsekule chimene wosewera wasankha, sangatsekulenso cha galimoto, choncho adzatsekula chachitatu m'masewero onse 100. Galimoto ikakhala ku chachitatu, iye sadzachikhudza n'komwe. Tsono masewero amene chitseko chachitatu chatsekulidwa ndi 150. Mwa amenewa, galimoto ili ku chitseko choyamba m'masewero 50, ndipo ili ku chachiwiri m'masewero 100. Wosewera amene waona chitseko chachitatu chikutsekulidwa ali m'modzi mwa masewero 150 amenewa, ndipo akasintha adzapambana ka 100 pa 150, kumene kuli kawiri pa katatu.

Mwachidule, wosintha amaluza pokhapokha ngati adasankha galimoto poyamba pomwe, ndipo zimenezo zimachitika kamodzi pa katatu.

Pali mfundo ina imene imaonetsa kuti nkhani yonse yagona pa zimene woyendetsa masewero akudziwa. Woyendetsayo akhale mlendo wosadziwa kumene kuli galimoto, amene amangotsekula chimodzi mwa zitseko ziwiri zotsalazo mwa maere. Pa masewero 300 omwe aja, chitseko chachitatu adzachitsekula ka 50 galimoto ili ku choyamba, ka 50 ili ku chachiwiri, ndi ka 50 ili ku chachitatu chomwecho. M'masewero 50 otsirizawa galimoto idzaonekera ndipo masewero adzaonongeka. Otsala ndi 100, ogawika pakati ndi pakati. Apa ndiye mwayi ulidi theka kwa theka, ndipo kusintha kulibe phindu. Maso a wosewera aona zofanana ndendende m'masewero a mitundu iwiriyi: chitseko chachitatu chatsekulidwa, mbuzi yaima poyera. Koma tanthauzo la mbuziyo lasiyana chifukwa cha njira imene yaonekera. Ichi ndicho chovuta cha mwayi wodalira zimene zadziwika: sikokwanira kufunsa chimene chaoneka, pafunikanso kufunsa kuti chaoneka bwanji, ndipo wochionetsayo adali ndi ufulu wotani.

Pachifukwa chimenechi, si onse otsutsa amene adali osochera kotheratu. Funso lija, monga lidasindikizidwira mu Parade, silidanene poyera kuti woyendetsa masewero ayenera kutsekula chitseko nthawi zonse ndi kupereka mwayi wosintha nthawi zonse. Mayi vos Savant adatenga zimenezo ngati lamulo la masewerowo, ndipo adanena kuti ambiri mwa omutsutsa adamva funsolo chimodzimodzi koma n'kulakwitsabe. Mu 1991 akatswiri anayi adalemba mu The American Statistician kuti yankho lenileni limadaliranso chizolowezi cha woyendetsa masewero pamene ali ndi ufulu wosankha pakati pa mbuzi ziwiri. Ngati iye amakonda chitseko chachitatu ndipo amachitsekula paliponse pamene angathe, ndiye kuti akachitsekula mwayi wa wosintha ndi theka, koma akachilumpha n'kutsekula chachiwiri, galimoto ili ku chachitatu mosakayika. Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale pamenepa wosintha sataya kanthu: mwayi wake sutsika kupitirira theka.

Amene adaiona mfundoyi msanga ndi Monty Hall mwiniwake, ngakhale sadali katswiri wa masamu. Mtolankhani John Tierney wa nyuzipepala ya The New York Times adamuyendera kunyumba kwake ku Beverly Hills, ndipo nkhani yake idatuluka pa tsamba loyamba pa 21 Julaye 1991. Awiriwo adasewera ndi tizitseko tamakatoni patebulo lodyera. Atatsata malamulo a ndagi, kusintha kudapambanadi. Kenaka Hall adayamba kusewera monga ankachitira pa wailesi yakanema. Mtolankhaniyo akasankha mbuzi, iye ankangotsekula chitsekocho nthawi yomweyo, osapereka mwayi wosintha. Akasankha galimoto, ndi pamene ankamukopa kuti asinthe, nthawi zina pomulonjeza ndalama kuti asasinthe, podziwa kuti munthu akaumirizidwa kukhala ndiye amafunitsitsa kuchoka. M'manja mwa woyendetsa wochenjera chotere, uphungu wakuti munthu azisintha nthawi zonse ukhoza kumubweretsera mbuzi zokhazokha. Hall adamwalira mu 2017 ali ndi zaka 96.

Ndagiyi idakola ngakhale Paul Erdős wa ku Hungary, mmodzi mwa akatswiri a masamu amene adalemba mapepala ochuluka koposa m'zaka za m'ma 1900. Mnzake Andrew Vázsonyi atamufotokozera mu 1995, Erdős adakana yankholo kwamtuwagalu. Adagonja pokhapokha ataona masewerowo akubwerezedwa kambirimbiri pa kompyuta, ndipo ngakhale pamenepo adali wosakondwa, popeza kompyuta idamuonetsa kuti zilidi choncho koma sidamuuze chifukwa chake.

Akatswiri a kaganizidwe ka anthu akhala akuyesa ndagiyi m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kulikonse anthu ochuluka amakana kusintha. Chifukwa china si cha masamu konse. Munthu amene wasintha n'kupeza kuti wasiya galimoto amamva kupweteka kwambiri kuposa amene wakhala pomwepo n'kuluza. Woyambayo amadziona ngati pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, pamene wachiwiriyo amangoti ndi tsoka. Mu 2010 Walter Herbranson ndi Julia Schroeder adasindikiza zotsatira za kafukufuku amene adachita ndi nkhunda. Mbalamezo zinkajompha mabatani atatu oyaka, ndipo mphotho yake idali chakudya. Patsiku loyamba zinkasintha mwa apo ndi apo, koma pomatha masiku 30 zidali zikusintha pafupifupi nthawi zonse. Anthu amene adapatsidwa masewero omwewo kambirimbiri sadafike pamenepo. Nkhunda ilibe ulemu woti iteteze, ndiponso ilibe chiphunzitso cha theka kwa theka choti ikakamire. Imangotsata kumene chakudya chikuchokera.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zosewera chabe. Koma kulephera kuwerenga bwino mwayi wodalira zimene zadziwika kwaononga miyoyo ya anthu kunja kwa masewero. Ku England, mu Novembala 1999, Sally Clark, mayi amene adali loya, adapezeka wolakwa pa mlandu wopha ana ake awiri aamuna, amene adamwalira ali makanda, wina mu 1996 wina mu 1998. Dokotala wotchuka wa ana, Roy Meadow, adauza bwalo kuti mwayi wakuti ana awiri a banja lotere amwalire mwadzidzidzi mwachilengedwe ndi umodzi pa 73 miliyoni. Nambalayo adaipeza potenga mwayi wa imfa imodzi, umodzi pa 8,543, n'kuuchulukitsa ndi iwo womwe, ngati kuti imfa yoyambayo sinena kalikonse za yachiwiri. Chikhalirecho mwana mmodzi akamwalira motero, mpata wakuti m'banjamo muli chofooka chakumtundu kapena vuto lina la pakhomo umakula, ndipo mwayi wa imfa yachiwiri umakula nawo.

Padalinso cholakwa chachiwiri, chachibale ndi cha zitseko zija. Kusowa kwa imfa ziwiri zachilengedwe si muyeso wa kulakwa kwa mayi. Ana awiri adali atamwalira kale. Chimenecho chidali chodziwika, ngati mbuzi yoima pa chitseko chotsekula. Funso loyenera lidali kuyerekeza njira ziwiri zimene zikadabweretsa imfazo, poti mayi wopha ana ake awiri nayenso ndi wosowa kwambiri. Bungwe la Royal Statistical Society lidatulutsa chikalata mu Okutobala 2001 chonena kuti nambala ya 73 miliyoni idalibe maziko. Mu Januwale 2003 bwalo la apilo lidamasula Sally Clark, zitadziwika kuti zotsatira za kupima kwa kuchipatala, zoonetsa kuti mwana wachiwiri adali ndi tizilombo toyambitsa matenda m'thupi, sizidaperekedwe kwa omuimira pa mlandu. Adali atakhala m'ndende zaka zoposa zitatu. Sadapezenso bwino, ndipo adamwalira mu Malichi 2007 ali ndi zaka 42.